M'mera Mpoyamba: Kusamala Mano a Ana Athu Aang'ono

MAU OYAMBA

M'miphakati mwathu timakambirana kawirikawiri za madzi abwino, zimbudzi, chakudya chokwanira ndi sukulu. Koma pali nkhani ina imene timaidumpha chifukwa imaoneka ngati yaing'ono. Nkhani yake ndi ya mano a ana athu, kuyambira pamene amera dzino loyamba mpaka pamene ayamba sukulu.

Ambiri a ife timati: "Mano amenewa adzaguluka, padzamera ena. Tivutikirenji?" Nzoona kuti adzaguluka. Koma kholo limene lidachezerapo usiku wonse ndi mwana wolira dzino, tsaya litatupa, likudziwa kuti nkhaniyi si yaing'ono. Mwana wotere sadya, sagona, sasewera. Mai ake sapita kumunda. Bambo ake amayendayenda kufuna ngongole ya ulendo wa kuchipatala. Pofika kumeneko dzino limakhala litaonongekeratu, chotsala nkulizula basi.

M'chaka cha 2022, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti ana oposa 500 miliyoni pa dziko lapansi ali ndi mano oyamba obooka. Chomvetsa chisoni nchakuti matenda amenewa ngopeweka, ndipo kupewa kwake sikulira ndalama zambiri. Mfundo yathu m'mutu uno ndi imodzi: mwana wamng'ono sangathe kudzisamala yekha mano. Chizolowezi chabwino kapena choipa amachitenga kwa ife akuluakulu, ndipo amachitenga msanga. Paja m'mera mpoyamba.

1. MANO OYAMBA NDI NTCHITO YAKE

Mano a mwana amayamba kuumbika iye akadali m'mimba mwa mai ake. Pobadwa amakhala ali kale mkati mwa nkhama, ngakhale sitiwaona. Dzino loyamba limatuluka mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, kawirikawiri kutsogolo m'munsi. Ana ena amafulumira, ena amachedwa mpaka kukwanitsa chaka, ndipo zonsezi sizodetsa nkhawa. Pofika zaka 3 mwana amakhala ndi mano 20, ndiye kuti 10 m'mwamba ndi 10 m'munsi. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32.

Mano oyambawa amayamba kuguluka mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, kuyambira akutsogolo. Koma mano otafunira a m'mbali amakhala mpaka mwana atafika zaka 10, 11 kapena 12. Tiyeni tiwerengere bwino pamenepa. Dzino lotafunira limene labooka mwana ali ndi zaka 3 lidayenera kumugwirira ntchito zaka zina 7 kapena 8. Tikamati "lidzaguluka lokha", ndiye kuti tikumuuza mwanayo kuti apirire ululu kuchokera ku mkombaphala mpaka Sitandade 5 kapena 6.

Mano oyamba ali ndi ntchito zinayi:

(a) Kutafuna. Mwana wa mano owawa amakana chimanga, chinangwa, nyama ndi zipatso, namangofuna phala ndi tiyi. Motero amayamba kutsika sikelo.

(b) Kulankhula. Mwana amaphunzira kutchula mau mothandizidwa ndi mano akutsogolo.

(c) Kusunga malo. Pansi pa dzino loyamba lililonse pamakhala dzino lachikulire limene likukula. Dzino loyamba likazulidwa nthawi isanakwane, anzake a m'mbali amapendekera pamalopo, ndipo dzino lachikulire limasowa potulukira, nkumera mokhota. Komanso mafinya a pa muzu wa dzino loyamba angathe kuononga dzino lachikulire lisanatuluke nkomwe.

(d) Kuseka momasuka. Mwana wa mano akuda amasekedwa ndi anzake, nayamba kuphimba pakamwa ndi dzanja.

Pali chinthu china chimene makolo ambiri sitichidziwa. Mwana akafika zaka 6, kumbuyo kwenikweni kwa mano ake kumamera mano anayi aakulu otafunira, popanda dzino lina kuguluka. Amenewa ndi mano achikulire, ndipo akaonongeka sipadzameranso ena. Mwana amene wafika zaka 6 asanazolowere kutsuka m'kamwa, mano amenewa amafikira m'kamwa modwala kale.

2. KODI DZINO LIMABOOKA BWANJI?

M'kamwa mwa munthu aliyense muli tizirombo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Timakhala m'litsiro loyera, lomata, limene limaunjikana pa mano, makamaka m'mphepete mwa nkhama. Mukakanda dzino lanu ndi chikhadabo m'mawa musanatsuke, mudzaliona litsiro limeneli.

Tizirombo timeneti chakudya chake ndi shuga. Mwana akadya kapena kumwa chotsekemera, nato timadya, kenaka nkutulutsa asidi. Asidiyo ndiye amasungunula pang'onopang'ono chikutiro cholimba cha kunja kwa dzino. Chikutiro cha mano a ana nchopyapyala poyerekeza ndi cha akulu, nchifukwa chake mano a ana amabooka msanga.

Mulungu adatipatsa chitetezo m'kamwa momwemo, ndicho malovu. Malovu amatsuka asidi uja ndi kukonzanso pamene dzino layamba kufooka. Koma amafuna nthawi, pafupifupi theka la ola kapena kupitirira. Zili ngati khoma la dothi. Mvula ikagwa kamodzi nkukata, timamata pamene pakokoloka ndipo khoma limakhala. Koma ikamagwa mosalekeza tsiku lonse, womata sapeza mpata, khoma limagwa.

Pamenepa tiphunzirepo zinthu ziwiri. Choyamba: kuchuluka kwa shuga nkoipa, koma kudya shuga pafupipafupi nkoipa koposa. Mwana amene wadya maswiti atatu nthawi imodzi atangotha nsima, mano ake avutika kamodzi. Amene wadya siwiti imodzi m'mawa, bisiketi dzuwa litakwera, chibwente masana ndi tiyi wa shuga madzulo, mano ake akhala mu asidi tsiku lonse. Chachiwiri: munthu akagona malovu amachepa kwambiri. Choncho chotsekemera choopsa kuposa zonse ndi chimene mwana amagona nacho m'kamwa.

3. SHUGA AMENE TIMAPATSA ANA OSADZIWA

Masiku ano zotsekemera zafika ponseponse: pa okala ya m'mudzi, pa msika, pa chipata cha sukulu, ngakhale pabwalo la tchalitchi Misa ikangotha. Maswiti ndi chingamu timazidziwa. Koma shuga wambiri amalowa m'kamwa mwa mwana kudzera m'zinthu zimene sitiziganizira: tiyi, phala lothira masipuni angapo a shuga, thobwa ndi mahewu othira shuga, Sobo, Fanta ndi zakumwa zina za m'mabotolo, zibwente, mabisiketi ndi mandasi. Nzimbe nayo ndi shuga, ngakhale ichokere kudimba kwathu. Madzi a malambe kapena a bwemba othira shuga amaononga pawiri, chifukwa ngowawasa komanso ngotsekemera.

Choopsa kwambiri ndi botolo loyamwitsira. Mai kapena mlezi akathira tiyi wa shuga kapena Sobo m'botolo kuti mwana agone akuyamwa, madzi otsekemerawo amakhala pa mano akutsogolo a m'mwamba usiku wonse. Ana ambiri a zaka 2 kapena 3 amene timawaona ali ndi tizitsa takuda m'malo mwa mano akutsogolo, chiyambi chake chidali chimenechi.

Tsono tichite chiyani?

(a) Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba, ndipo apitirize kuyamwa mpaka zaka 2 pamodzi ndi zakudya zina. Bere tisalisiye chifukwa cha mano. Chofunika nkutsuka mano akangomera.

(b) Mwana wosakwana zaka 2 asapatsidwe zakumwa zothira shuga. Awa ndi malangizo a WHO a m'chaka cha 2023. Mwana sabadwa akudziwa tiyi wa shuga. Timamuphunzitsa ndife.

(c) Kuyambira miyezi 6 mwana aphunzire kumwera m'kapu. Chakumwa cha ludzu chikhale madzi abwino.

(d) M'phala tithire nsinjiro, nthochi yokanya, dzira kapena mkaka m'malo mwa shuga wambiri.

(e) Ngati tikufuna kupatsa mwana wokulirapo chotsekemera, timpatse pa nthawi ya chakudya, kenaka amwe madzi. Tisampatse pogona.

(f) Mwana akamwa mankhwala amadzi otsekemera a kuchipatala, amwe madzi pang'ono pambuyo pake.

(g) Zakudya zomanga mano tili nazo kale: mkaka, usipa, matemba ndi bonya zosinja pamodzi ndi minga yake, mazira, nyemba, bonongwe, nkhwani, chisoso, mapapaya ndi mango. Mtedza wathunthu tisapatse mwana wamng'ono chifukwa angatsamwe nawo. Timpatse wosinja.

Kunena zoona, nthawi zambiri shuga amabwera ndi chikondi. Agogo amasungira mdzukulu siwiti pa nsonga ya chitenje. Bambo pochokera ku tauni safuna kufika chimanjamanja. Mai amapatsa mwana bisiketi kuti asalire pa nthawi ya ulaliki. Sitikunena kuti chikondi chithe ayi. Tikunena kuti chikondi chomwecho chingathe kubwera ndi nthochi, mbatata yootcha kapena dzira lophika.

4. KATSUKIDWE KA MANO A MWANA

Tiyambe liti? Mano asanamere, tizipukuta nkhama za mwana ndi kansalu koyera konyowetsa m'madzi abwino. Tsiku limene dzino loyamba laoneka, ntchito yotsuka yayamba.

Kangati? Kawiri pa tsiku: m'mawa, ndiponso usiku asanagone. Kutsuka kwa usiku ndiko kofunika koposa. Akatsuka usiku, mwana amene adasiya kuyamwa asadyenso kanthu kupatula kumwa madzi. Ambiri a ife tidazolowera kutsuka m'mawa mokha, posukusula. Mpofunika kuti ifenso tisinthe.

Titsuke ndi chiyani? Mwana akhale ndi mswachi wakewake, wamutu waung'ono ndi wofewa. Mswachi sabwerekana, ngakhale pakati pa mapasa. Tikatsuka tiutsukuluze nkuuimika pouma, posafika mphemvu. Ukanyankhalala, kapena pakapita miyezi itatu, tisinthe. Ngati mswachi wa m'sitolo palibe, mswachi wa mtengo monga muula ungathandize, koma kholo liutafune kaye wina wake kuti lione kufewa kwake, ndipo wa mwana liusinje bwino nsonga yake mpaka ifewe. Mwana asayende kapena kuthamanga mswachi uli m'kamwa. Makala, phulusa ndi mchenga tisagwiritse ntchito, chifukwa zimapala chikutiro chopyapyala chija.

Nanga mankhwala otsukira mano? Mankhwala amene ambiri timangowatchula kuti Colgate alipo a mitundu yambiri. Chofunika si dzina lake koma kuti akhale ndi mchere wotchedwa fluoride, umene umalimbitsa dzino kuti lisasungunuke msanga ndi asidi. Pogula tiwerenge pa chubu kapena pa katoni: palembedwe kuti fluoride, ndipo nambala yake ikhale 1000 ppm kapena kupitirira. M'chaka cha 2021, WHO idaika mankhwala otere pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri kwa anthu onse.

Tiike ochuluka bwanji? Mwana wosakwana zaka 3: kongopaka, kofanana ndi njere imodzi ya mpunga. Mwana wa zaka 3 mpaka 6: kofanana ndi njere ya nandolo. Woika mankhwala pa mswachi akhale munthu wamkulu, ndipo chubu chisungidwe patali, chifukwa ana ena amachinyambita ngati siwiti. Pa muyeso umenewu chubu chimodzi chimakhala miyezi yambiri. Banja limene limatha kugulira mwana siwiti tsiku ndi tsiku lingathenso kugula chubu chimenechi.

Titsuke motani?

(a) Sambani m'manja ndi sopo.

(b) Khalani pansi, mwana agone chagada mutu wake uli pa miyendo panu, kapena akhale chokufulatirani atatsamiritsa mutu pa chifuwa chanu. Mukatero mudzaona m'kamwa monse. Kutsuka mutayang'anizana naye choimirira nkovuta.

(c) Kwezani mlomo wa m'mwamba ndi chala kuti muone pamene mano akumana ndi nkhama, chifukwa litsiro limabisala pamenepo.

(d) Tsukani mozunguliza pang'onopang'ono, osakhula ngati mukukwecha mphika. Tsukani kunja, mkati, ndi pamwamba potafunira. Yambirani mbali imodzi mpaka kukafika mbali ina, m'mwamba ndi m'munsi momwe. Mano onse akamera, ntchitoyi imatenga mphindi ziwiri.

(e) Mwana alavule thovu, koma asachukuche ndi madzi ambiri. Kamankhwala kotsalira pa mano ndiko kamagwira ntchito usiku.

5. KUMUPHUNZITSA MWANA

Mwana wa zaka 2 amafuna kuchita zonse yekha, ndipo nkwabwino kumulola. Koma dzanja lake silinakhwime. Akagwira mswachi amangoutafuna ndi kuyamwa mankhwala. Choncho njira yabwino ndi yosinthana: mwana ayambe yekha, kholo litsirize. Kholo lipitirize kumutsuka kapena kumuyang'anira mpaka atafika zaka 7 kapena 8. Sitimutuma mwana wa zaka 4 kukasamba yekha kumtsinje. Tisamusiyirenso yekha mano ake.

Ana amaphunzira poona. Ngati bambo satsuka mano usiku, mwana sangamvetse chifukwa chake iye yekha akuvutitsidwa. Ndi bwino banja lonse lizitsuka pamodzi pakhonde, nsima ikatha, pemphero la usiku lisanayambe. Zinthu ziwirizi zikayendera limodzi masiku onse, mwana amazizolowera, ndipo tsiku limene mudzaiwale adzakukumbutsani ndi iyeyo.

Ntchitoyi si ya amai okha. Abambo nawonso ali ndi miyendo yogonekapo mwana. M'mabanja ambiri mwana amakhalitsa ndi agogo, mlezi kapena mkulu wake. Onsewa auzidwe zofanana, kuti zimene mai akumanga wina asamagumule.

Nanga mwana akamakana? Ana ambiri amakana, amaluma mswachi, amalira. Tisataye mtima, ndipo tisamumenye, chifukwa mwana womenyedwa pa mswachi amadana nawo moyo wake wonse. Muimbireni kanyimbo kamene amakakonda, ndipo kutsuka kuthe nyimbo ikatha. Werengani naye mano mokweza. Muuzeni atsegule kukamwa ngati mvuu. Mloleni atsuke kaye chidole chake. Akatha muyamikireni pamaso pa abale ake, koma mphotho yake isakhale siwiti. Ngakhale alire, tsukani mofatsa ndi mwachangu, mawa mubwerezenso. Timamusambitsa mwana ngakhale akulira chifukwa tikudziwa kuti kusamba nkofunika. Ndi mano chimodzimodzi.

Tisamuopsezenso kuti "ukapanda kutsuka, adokotala akakuzula ndi chitsulo". Tsiku limene adzafunike kupita kuchipatala adzapita ali ndi mantha kale.

Chinthu china chofunika kupewa ndicho kutafunira mwana chakudya, kapena kunyambita sipuni yake musanamudyetse. Tikatero timamupatsira tizirombo ta m'kamwa mwathu. Chakudya cholimba tichisinje kapena kuchikanya.

6. ZIKHULUPIRIRO ZOYENERA KUZIUNIKANSO

"Mwana akutsegula m'mimba chifukwa akumera mano." Pomera mano, nkhama zimayabwa, mwana amatuluka dovu, amavutavuta, ndipo amafuna kuluma chilichonse. Koma kumera mano sikutsegulitsa m'mimba, ndipo sikutenthetsa thupi kwambiri. Chimene chimachitika nchakuti pa msinkhu umenewu mwana wayamba kukwawa ndi kuika m'kamwa chilichonse chimene watola. Chikhulupiriro chimenechi nchoopsa, chifukwa makolo amakhala pakhomo kudikira kuti dzino lituluke pamene mwana akutha madzi m'thupi kapena akudwala malungo. Mwana akatsegula m'mimba, mpatseni Thanzi ORS, apitirize kuyamwa, ndipo pitani naye kuchipatala. Akatentha thupi, akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Kuyabwa kwa nkhama kokha, sisitani ndi chala chosamba bwino. Nkhama za mwana zisatemedwe kapena kukandidwa ndi chinthu chakuthwa.

"Mwana woyamba kumera mano a m'mwamba ndi malodza." Ayi. Ana amasiyana kameredwe ka mano monga amasiyanira nthawi yoyamba kuyenda. Mwana aliyense ndi mphatso yochokera kwa Mulungu.

"M'dzino lobooka muli mphutsi." Mulibe mphutsi m'dzino. Bowo limadza chifukwa cha asidi, monga tafotokozera. Kufukiza utsi, kapena kuthira m'dzino la mwana mafuta a galimoto, asidi wa m'batire, fodya kapena kachasu, kumangomuotcha ndi kumuika pa ngozi.

"Mano ofiira ndiye kuti mwana satsuka." Osati nthawi zonse. M'madera ena a dziko lino, monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe, mbali zina za Machinga ndi m'chigwa cha Shire, madzi a m'mijigo ina ali ndi fluoride wachilengedwe wopitirira muyeso. Ana okulira pa madzi amenewa mano ao achikulire amamera ali ndi mawanga oyera kapena ofiirira. Fluoride ali ngati mchere wa m'ndiwo: wochepa amathandiza, wochuluka womeza amaononga. Mawangawa sachoka ndi mswachi, choncho tisakalipire ana kapena kuwakwecha mano ndi mchenga. M'madera otere tionetsetse kuti ana sakumeza mankhwala otsukira mano, ndipo komiti ya mjigo ipemphe a zamadzi ku boma kuti adzayeze madziwo. Kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride.

7. TIPITE LITI KUCHIPATALA?

Kamodzi pa mwezi, pa tsiku lopita ku sikelo, kwezani mlomo wa mwana pamalo owala ndi kuyang'ana mano ake.

Mukaona mizere yoyera ngati choko m'mphepete mwa nkhama, dziwani kuti kubooka kwayamba. Pamenepa dzino lingapulumuke mukachepetsa shuga ndi kutsuka bwino ndi mankhwala a fluoride. Aonetseni azaumoyo.

Mukaona mawanga ofiirira kapena akuda, kapena kabowo, pitani kwa a mano ngakhale mwana sakumva kuwawa. Bowo laling'ono limatheka kumatidwa, ndipo silipola lokha.

Mukaona kachithupsa pa nkhama, tsaya lotupa, kapena mwana akulephera kudya ndi kugona, musazengereze. Ngati kutupa kwafika ku diso kapena ku khosi, thupi latentha, kapena mwana akuvutika kumeza ndi kupuma, pitani nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Mwana wonyentchera, kapena amene wangodwala chikuku, akatuluka chilonda cha pa nkhama chonunkha kwambiri, thamangani naye tsiku lomwelo. Pali matenda otchedwa noma amene amagwira makamaka ana a zaka 2 mpaka 6 osowa chakudya m'thupi. Amayamba motero, ndipo pa masiku ochepa angathe kudya tsaya ndi mlomo. Akapezeka msanga amachizika.

Mwana akagwa nkuguluka dzino loyamba, musalibwezeretse m'malo mwake, chifukwa mungavulaze lachikulire limene lili pansi. Tsindirani pa bala ndi kansalu koyera, mupite naye kuchipatala. Aspirin tisapatse mwana, ndiponso tisaike pa dzino kapena pa nkhama. Panado aperekedwe pa muyeso umene azaumoyo anena, podziwa kuti amangoziziritsa ululu, sachiza dzino.

8. UDINDO WATHU MONGA AKHRISTU NDI NZIKA

Pa tsiku la ubatizo, makolo ndi ankhoswe timalonjeza kulera mwana. Mwana amene tidalonjeza kulera ali ndi mzimu ndi thupi lomwe. Lamulo lachisanu la Mulungu limatiphunzitsa kulemekeza moyo, ndipo kusamala thanzi la amene sangathe kudzisamala okha ndi mbali ya ulemu umenewu.

Monga nzika tilinso ndi zoyenera kudziwa. Gawo 13 la Malamulo aakulu a dziko lino, a m'chaka cha 1994, limapatsa boma udindo woyesetsa kupereka chithandizo chokwanira cha zaumoyo kwa anthu ake. Mpaka m'chaka cha 2019, kuno ku Malawi kudalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano. M'chaka chimenecho maphunzirowa adayamba ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. M'chaka cha 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yoona za umoyo wa m'kamwa. Awa ndi mayambidwe abwino. Komabe ogwira ntchito ya mano akadali ochepa, ndipo ambiri amapezeka m'zipatala zazikulu, za pa boma ndi zina za mishoni. Kwa banja la kumudzi, chithandizo chapafupi ndi mswachi wa pakhomo.

Nazi zina zimene tingachite pamodzi, poti mutu umodzi susenza denga:

(a) Kuitana mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu kuti adzaonetse katsukidwe ka mano pa msonkhano wa mphakati kapena wa amai achikatolika.

(b) Kugwirizana ndi alezi a sukulu ya mkombaphala kuti phala la ana lisachuluke shuga, ndi kuti ana asamabwere ndi maswiti.

(c) Kukambirana mwaulemu ndi amene amagulitsa pabwalo la tchalitchi ndi pa sukulu kuti azigulitsanso zipatso, mazira ndi mbatata.

(d) Kupempha, kudzera m'komiti ya chipatala, komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi kwa khansala wathu, kuti a mano ochokera ku chipatala cha pa boma azifika m'zipatala zazing'ono, ndi kuti ku sikelo aziyang'ananso m'kamwa mwa ana.

(e) Kukumbukira ana amasiye ndi amene akuleredwa ndi agogo okalamba. Pamene tikusonkha ufa ndi sopo, mswachi ndi chubu cha mankhwala zikhale nawo m'dengu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pa 9 Febuluwale Mpingo umakumbukira Apollonia Woyera wa mumzinda wa Alexandria ku Egypt, amene adaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chake cha m'ma 249. Omuzunza adamugulula mano, ndipo nchifukwa chake amatchedwa nkhoswe ya odwala mano. Pa 20 Malichi dziko lonse limakumbukira za umoyo wa m'kamwa. Masiku awiriwa ndi mpata wabwino wokumbutsana nkhaniyi m'parishi.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MPHAKATI

1. Dzulo, kuyambira m'mawa mpaka usiku, mwana wamng'ono wa pakhomo pathu adadya kapena kumwa zotsekemera kangati? Adamupatsa ndani?

2. M'banja mwathu, ndani amatsuka mano a ana osakwana zaka 7? Nanga usiku amatsuka?

3. Ndi ziti mwa zikhulupiriro zimene tatchula zimene zilipo m'dera lathu? Tingakambirane nao bwanji agogo popanda kuwachotsera ulemu?

4. Chipatala chapafupi chimene chili ndi a mano chili kuti, ndipo amagwira ntchito masiku ati?

5. Pa zinthu zisanu zimene tingachite pamodzi, tiyamba ndi chiti mwezi uno, ndipo atsogolera ndani?

MAU OTSIRIZA

Abale ndi alongo, zimene takambiranazi sizifuna kuti tidikire thandizo lochokera kunja. Tichepetse shuga, makamaka wa usiku. Titsuke mano a mwana kawiri pa tsiku kuyambira dzino loyamba, ndi mankhwala a fluoride pa muyeso wake. Tikweze mlomo wake mwezi ndi mwezi, ndipo tikaona chachilendo tipite kuchipatala ululu usanayambe. Madzulo ano, nsima ikatha, khalani pansi, gonekani mwana wanu pa miyendo, muyang'ane m'kamwa mwake. Ntchito iyambire pamenepo.